Malo odyera a m'mbali mwa Shire amene amaonetsa mpikisano wa mahatchi wa Durban July

Mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kutsikira kumtsinje wa Shire, mupeza malo ena odyera amene masiku onse amagulitsa nsima ndi nsomba monga amachitira anzawo, koma Loweruka loyamba la mwezi wa July chaka chilichonse amasanduka bwalo loonerapo pa kanema mpikisano wa mahatchi wa Durban July, umene umachitikira ku South Africa. Ndinapitako pa 6 July 2024, tsiku limene dziko lathu linkakwanitsa zaka 60 lili pa ufulu wodzilamulira, ndipo ndikufuna kufotokoza zimene ndinapeza kuti amene angafune kudzapitako adziwiretu chimene akalipire ndi chimene akalandire.

Chimene chimawasiyanitsa malowa ndi malo ena oonetsa kanema ndi eni ake. Iwowa ndi bambo achikulire amene, mofanana ndi amuna ambiri a kuno ku Mangochi, anapita kuJoni ali mnyamata, ndipo anakhala zaka zambiri akugwira ntchito yosambitsa, kudyetsa ndi kuyendetsa mahatchi ampikisano m'makola a kufupi ndi mzinda wa Durban. Mpikisano weniweniwo umatha mphindi ziwiri ndi masekondi owerengeka basi, moti munthu wosadziwa mbiri yake akhoza kudabwa kuti anthu asonkhanira chiyani. Bambowa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayatsa kanema masana dzuwa lili paliwombo, amatsitsa mawu ake, ndipo amakhala pampando wa patsogolo n'kumafotokoza m'Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao mpaka nthawi itakwana.

Anayamba ndi chaka cha 1897, pamene boma lathu lino linkadziwika kuti Fort Johnston. M'chaka chimenecho mpikisanowu unachitika koyamba pabwalo la Greyville ku Durban, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo hatchi yotchedwa Campanajo ndi imene inapambana, n'kudzapambananso chaka chotsatira. Mtundawo unasinthidwa kangapo mpaka mu 1970, pamene unakhazikika pa mamita 2,200 amene amathamangidwa mpaka lero pabwalo lomwelo. Mahatchi ake ndi amtundu wa thoroughbred, umene unayambira ku England, ndipo mzera wa makolo aamuna a hatchi iliyonse yamtunduwu umakathera kwa imodzi mwa mahatchi atatu otchedwa Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anafunsa kuti, "Bambo, nanga ngati onse ali apachibale, wina amaposa mnzake bwanji?" Yankho lake ndi limene linandithandiza kumvetsa zonse zimene ndinaona tsiku limenelo. Bambowo anati mpikisanowu ndi wa handicap, kutanthauza kuti hatchi imene yaonetsa kale mphamvu imasenzetsedwa katundu wolemera kuposa zinzake, ndipo ngati wokwerayo ndi chishalo chake sakukwana kulemera kumene kwalamulidwa, amawonjezera tizitsulo ta mtovu m'matumba a nsalu yoyala pansi pa chishalo. Cholinga chake n'chakuti zonse zikafike kumapeto moyandikana, choncho hatchi yopambana itasenza katundu wolemera imalandira ulemu woposa wa chikho chokha.

Apa m'pamene analowa m'nkhani ya Sea Cottage, ndipo ndikuvomereza kuti nsima yanga inazizira ndikumvetsera. Mu June 1966, kutatsala milungu itatu kuti mpikisano uchitike, hatchi imeneyi, imene anthu ambiri ankayembekezera kuti ipambana, inawomberedwa ndi mfuti pafupi ndi malo otchedwa Blue Lagoon ku Durban pamene inkapita kukachita zolimbitsa thupi m'mawa pagombe la nyanja, ndipo chimene chinali kumbuyo kwa chiwembucho ndi ndalama za obetcha. Chipolopolo chinalowa m'mnofu wa kumbuyo ndipo madokotala anachisiya momwemo. Ngakhale zinali choncho, mphunzitsi wake Syd Laird anaisamalira balalo mpaka inaimirira pamzere woyambira, inathamanga, ndipo inamaliza pa nambala 4. Chaka chotsatira, mu 1967, inabwereranso itasenza katundu woposa wa hatchi ina yotchedwa Jollify ndi makilogalamu opitirira 10, ndipo ziwirizi zinafika pamzere womalizira nthawi imodzi moti oweruza analephera kuzisiyanitsa, n'kugamula kuti zonse zapambana. Pofotokoza zimenezi bambowo anaimirira, anagwira pantchafu pawo kusonyeza pamene chipolopolo chinalowa, ndipo chipinda chonse chinati zii, ngakhale anyamata amene poyamba ankangoseweretsa mafoni awo.

Nkhani zina anazidutsa mofulumira, koma pali ziwiri zimene anthu anaziwombera m'manja. Yoyamba ndi ya Ipi Tombe, hatchi yaikazi yobadwira ku Zimbabwe, imene inapambana mu 2002 ikuphunzitsidwa ndi Mike de Kock, n'kukapambananso ku Dubai chaka chotsatira. Yachiwiri ndi ya S'manga Khumalo wa ku KwaMashu, amene mu 2013 anakhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisanowu monga wokwera, ali pamsana pa Heavy Metal, patapita zaka 116 chiuyambire, ndipo anadzabwerezanso mu 2022 ndi Sparkling Water. Bambowo sanabise kuti kwa zaka zambiri anthu akuda m'masewera amenewa ankathera m'makola, kumadzuka mbandakucha, kusesa ndowe ndi kupesa ubweya, pamene mayina otchulidwa pa wailesi anali a ena. Ndinaona kuti nkhani imeneyi amainena ngati munthu amene anaigwira ndi manja ake, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe wolengeza wa pa kanema amene angaifotokoze motero kwa anthu a kuno. Anatchulanso Candice Bass-Robinson, mayi woyamba kupambana monga mphunzitsi mu 2017 ndi hatchi yotchedwa Marinaresco, komanso chaka cha 2020, pamene mpikisano unachitika bwalo lili lopanda oonerera chifukwa cha mliri wa COVID-19.

Za chakudya ndilibe dandaulo pa kakomedwe. Ndinaitanitsa chambo chowotcha pamakala, nsima ya ufa woyera ndi nkhwani wotendera, ndipo nsombayo inali yatsiku lomwelo, yothiridwa mchere ndi ndimu mosapitirira muyezo, khungu lake louma bwino koma mnofu uli wofewa. Tiyi wamkaka wothira jinja anatithandiza kwambiri chifukwa mwera unkawomba kuchokera kumtsinje ndipo khonde lake n'losatchinga. Nyama ya pamalowa ndi ya halaal ndipo mowa sagulitsa, zimene zinachititsa kuti mabanja abwere ndi ana awo momasuka. Vuto linali kuchedwa. Ophika anali awiri okha pa gulu la anthu odzaza chipinda ndi khonde, moti ndinadikira kupitirira ola lathunthu, ndipo ena analandira mbale zawo mahatchi akulowa kale m'tizipata toyambira. Pa tsiku lodziwika ngati limeneli kukanakhala bwino kulemba anthu aganyu ndi kulembetsa zakudya pakhomo anthu akamalowa.

Chimodzi chimene ndinachilemekeza n'chakuti pamalowa saloleza kubetcha, ngakhale kuti mpikisanowu, umene kale unkathandizidwa ndi kampani ya Rothmans kenako ya Vodacom, kuyambira mu 2022 ukuthandizidwa ndi kampani ya zobetcha ya Hollywoodbets, ndipo dzina lake limaonekera pa kanema nthawi zonse. Mnyamata wina atafunsa ngati angasonkhanitse ndalama kuti aliyense asankhe hatchi yake, bambowo anamuyankha modekha kuti, "Ayi mwanangu, ndinaona anzanga akutaya malipiro a mwezi wonse m'mphindi ziwiri, ana kumudzi kuno akudikira ndalama ya ufa. Sankha hatchi ndi pakamwa, ukapambana tikuwombera m'manja." Anthu anachitadi zimenezo, ndipo chisangalalo sichinachepe.

Nthawi itayandikira 4 koloko zofooka za zipangizo zinaonekera poyera. Kanemayo anaikidwa moyang'anizana ndi zenera la kumadzulo, choncho dzuwa litapendeka kuwala kunagwera pagalasi, ndipo anachita kupachika chitenje mothamanga kuti tithe kusiyanitsa mitundu ya malaya a okwera, imene ndi njira yokhayo yodziwira hatchi yako zikakhala pagulu. Sipika inali imodzi ndiponso yosasa, moti Chingelezi chothamanga cha wolengeza chinkangomveka ngati phokoso. Bambowo ndi amene anatipulumutsa, chifukwa anaima pambali pa kanema n'kumaloza ndi chala, kutchula hatchi imene ili patsogolo ndi imene ikubwera chakunja, ndipo zitakhota komaliza n'kulowa m'njira yowongoka, mipando inagwa anthu akuimirira. Oriental Charm, yokweredwa ndi JP van der Merwe, ndi imene inapambana, ndipo mphunzitsi wake Brett Crawford anatenga chikhochi kachiwiri motsatizana, popeza mu 2023 anapambana ndi Winchester Mansion yokweredwa ndi Kabelo Matsunyane. Kenako bambowo anatiuza kuti tiyang'ane munthu amene anathamangira kukagwira chingwe cha hatchiyo n'kumaisisita pakhosi ili thukuta lokhalokha, ndipo anati ameneyo ndiye amagona pafupi nayo ndipo amadziwa ikadwala wina aliyense asanazindikire.

Polowa salipiritsa, amangopempha kuti munthu agule chakudya, ndipo poyerekezera ndi zimene munthu amamva ndi kuona, mtengo wake ndi woyenera. Amene akufuna mpando wa mkati afike isanakwane 1 koloko, aitanitse chakudya akangofika, ndipo asaiwale chovala cha mphepo. Adziwenso kuti kanemayo ndi imodzi yokha. Tsiku limenelo anyamata a mpira anayamba kudzaza khonde dzuwa lisanalowe, kudikira masewero a England ndi Switzerland a 6 koloko, ndipo mipikisano yotsala ya pa Greyville sitinaione. Ndinapempha eni malowo kuti chaka chotsatira adzasunthire kanemayo kukhoma la kumpoto ndi kugula sipika ina, ndipo anandiyankha kuti sipikayo adzatuma mphwawo amene akubwera kuchokera ku Durban mu December.