Malebulo a chiponde chathu ndi kachizindikiro ka ® komwe sitinapemphe

Gulu lathu la amayi limapanga chiponde ndi mtedza womwe timalima tokha kufupi ndi Kamwendo, ndipo kwa nthawi yaitali tinkachigulitsa m'mabotolo opanda dzina, moti wogula akachikonda ankasowa kotipeza ulendo wachiwiri. Titagwirizana zopangitsa malebulo, anzanga anatuma ine ku Mchinji boma, ku shopu ina yosindikiza yomwe imapanganso makadi a ukwati ndi zikwangwani za magolosale.

Pa luso la manja ndilibe dandaulo lililonse. Mnyamata amene amajambula pa kompyuta anandikhazika pambali pake, anathira pa pepala loyera mtedza wa mtundu wa CG7 womwe ndinanyamula m'kathumba, n'kuujambula ndi foni yake m'malo mongotola chithunzi pa intaneti. Anakumbukiranso yekha kusiya mpata wolembapo tsiku lopangira chiponde ndi tsiku lomwe chidzathere mphamvu. Sitika yoyeserera yomwe anandipatsa ndinakaimata pa botolo, ndinaipaka mafuta a chiponde, kenako ndinaiviika m'beseni la madzi usiku wonse, koma m'mawa inki inali isanasuluke ndipo m'mphepete munali musanamatuke. Ntchito inachedwa ndi tsiku limodzi chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndipo anandiimbira foni ndisanakwere kabaza kuti ndisayende ulendo wachabe.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ndinachiona pa sikirini tsiku lomwe ndinapita kukavomereza kuti asindikize zonse. Kumapeto kwa dzina la chiponde chathu, chakumwamba, kunali kachilembo ka R kozunguliridwa ndi mzere. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, kameneka mwakaikiranji?" Iye anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, kamachititsa katundu kuoneka wapamwamba, ndipo ambiri amakafuna. Komanso paja munati gulu lanu linalembetsa bizinesi?"

Yankho limeneli lili ndi zolakwika ziwiri, ndipo ndikukhulupirira kuti si mnyamatayu yekha amene amaganiza chotere. Chizindikiro cha ® si chokongoletsera ayi, ndi mawu ouza aliyense wogwira botololo kuti dzina kapena chithunzi chimenechi chinalembedwa m'kaundula wa boma wa zizindikiro za malonda. Kuno kwathu nkhani imeneyi ikuyendetsedwa ndi lamulo la Trademarks Act la 2018, lomwe limateteza chizindikiro cholembetsedwa kwa zaka 10, ndipo zikatha mwini wake amayenera kuwonjezera nthawi. Satifiketi yomwe gulu lathu lili nayo ndi ya dzina la bizinesi, yomwe imatithandiza kutsegula akaunti kubanki, koma siyitipatsa umwini wa dzina lomwe lili pa botolo. Kumeneko n'kulembetsa kwina, kokhala ndi mafomu ake ndi malipiro ake, ndipo pempho limayamba lalengezedwa kuti wina amene akuona kuti dzinalo likufanana ndi lake athe kutsutsa. Kulembetsako kumatsatanso magulu a katundu, omwe padziko lonse alipo 45, ndipo chiponde chili m'gulu la 29, kotero amene walembetsa dzina pa chiponde asaganize kuti walitseka pa simenti kapena pa nsapato. Kuika ® usanadutse njira yonseyi n'kunamiza ogula, ndipo m'malamulo a maiko ambiri ndi mlandu.

Kwa ife okhala m'malire muno pali china choyenera kukumbukira. Chitetezo cholembetsa ku Malawi chimathera pa chipata cha Mwami, moti tikadzafuna kuti dzina lathu litetezedwe m'misika ya ku Chipata tidzayenera kulilembetsanso kuti lidziwike ku Zambia, komwe ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la PACRA.

Chomwe chinali chotiyenera ndi ™, chomwe munthu angaike popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Chimangolengeza kuti dzinali tikuligwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha malonda athu ndipo timalitenga kuti ndi lathu. Mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi satifiketi ya m'kaundula, koma chimanena zoona.

M'munsi mwa lebulo munalinso ©, ndipo pambali pake panali chaka ndi dzina la shopuyo, lolembedwa ting'onoting'ono. Apa ndi pomwe ndinakhalira pansi n'kupempha kuti aitane eni ake a shopu. Chizindikiro chimenechi sichikhudza dzina la malonda, chimakhudza ntchito ya luso monga nyimbo, buku, chithunzi kapena chojambula, ndipo chimatchula mwini wa ntchitoyo. Malinga ndi pangano la maiko la Berne la 1886, lomwe dziko la Malawi linalowamo mu 1991, umwini wotere umabadwa pomwe ntchito yapangidwa, popanda kulembetsa ngakhalenso kuika ©, ndipo kuno umatsatira lamulo la Copyright Act la 2016. Choncho mnyamatayo sanalakwe poona chojambulacho ngati ntchito ya luso yokhala ndi mwini. Vuto linali lakuti palibe amene anatiuza, pomwe tinkakambirana mtengo, ngati ndalama zathu zikugula mapepala omata okha kapena chojambula chomwe. Zikanapita choncho, tsiku lomwe tikanafuna kukasindikiza ku Lilongwe kapena ku Kasungu pakanatha kubuka mkangano wakuti chithunzi cha mtedza wathu ndi cha yani.

Eni ake, bambo achikulire ndithu, anamvetsera mpaka ndinamaliza osandidula mawu. Anavomera kuti ® akhala akuika pa malebulo a anthu ambiri osafunsa satifiketi, ndipo anauza mnyamatayo pomwepo kuti achichotse. Iye anafufuta R uja, anakanikiza batani la Alt n'kulemba 0153, ™ n'kutulukira pamalo pake. Pa nkhani ya © tinalemberana kalata yaifupi, yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri, yonena kuti chojambulacho chaperekedwa ku gulu lathu, ndipo dzina la gulu linalowa m'malo mwa dzina la shopu. Fayilo yake anandiikira pa fulashi popanda kuwonjezera mtengo.

Shopu imeneyi ndingatumizeko mnzanga mosakayika pa nkhani ya kujambula, kulimba kwa sitika ndi ulemu wolandirira anthu, koma pa tanthauzo la zizindikirozi anali asanaphunzire mokwanira, ndipo zimandipweteka ndikaganiza za mabotolo a uchi ndi mapaketi a ufa wa soya omwe anatuluka kale m'menemo atanyamula ® eni ake osadziwa chomwe akulonjeza. Amene akupita kumeneko awerenge lebulo yonse pa sikirini, mpaka timalemba ta m'munsi, asanalole kuti makina ayambe kusindikiza. Ife tayamba kusonkha ndalama ya kulembetsa dzina lathu kuchokera pa phindu la mwezi ndi mwezi, ndipo malebulo achiwiri, omwe tikawatenge sabata yamawa ku shopu yomweyo, akhalabe ndi ™.