Batani lotenthetsa magalasi a m'mbali: Polo kapena Toyota?

June akangofika kuno ku Joni, funso limakhala limodzimodzi: "Achimwene, galasi la m'mbali lachita nkhungu, ndidine pati?" Ambiri ofunsa ndi anzanga oyendetsa Uber ndi Bolt, amene amanyamuka m'bandakucha chisanu chitayera mbuu pa galimoto yogona panja. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuzizira kwake m'mawa kumaposa ngakhale kwa ku Dedza.

Pa Polo ndi Golf, magalimoto a Volkswagen, musavutike kusakasaka pa dashboard. Yang'anani pa chitseko cha dalaivala, kachitsulo kozungulira kaja mumasinthira nako magalasi. Pambali pa L ndi R pali kachizindikiro ka galasi kokhala ndi timizere tokhotakhota. Mukapotokolera pamenepo, magalasi onse awiri amayamba kufunda. Chimene chimanditopetsa n'chakuti kachitsulo kamodzi kakugwira ntchito ziwiri. Mukangofuna kusuntha galasi pang'ono, mwazimitsa kutentha, ndipo mumdima wa m'mawa muyenera kuchotsa maso pamsewu kuti mubwezere.

Toyota anaganiza za dalaivala. Palibe batani lapadera: mukadina lochotsa nthunzi pa galasi la kumbuyo, lija la kabokosi ka ngodya zinayi, magalasi a m'mbali amafundira limodzi, kenako limadzizimitsa lokha pakapita mphindi 15 kapena kuposerapo. Ford ndi Hyundai ambiri amachitanso chimodzimodzi. Ine ndi wa Toyota kuyambira kale, ndipo apa sindibisa, njira yawo ndi yabwino kuposa ya Volkswagen.

Koma batani kukhalapo sikutanthauza kuti magalasi anu amatentha. Magalimoto ambiri otsika mtengo ogulitsidwa kuno alibe chotenthetsera m'magalasi a m'mbali, batanilo limangogwira galasi la kumbuyo basi.

Ndipo ngakhale galimoto yobwera nacho angakulandeni. Teksi itandiswera galasi la kumanja, ndinapita pa shopu ina yogulitsa zida zamagalimoto, ndinanena momveka kuti ndikufuna lotenthetsa, ndinalipira mtengo wake. Chinali chilimwe, panalibe chondichenjeza. Chisanu chitabwera, la kumanzere likuuma bwinobwino, la kumanja lili mbuu, ine ndikufuna kulowa mu msewu waukulu wa M1 kuno ku Joni osaona kalikonse kumbali yomwe magalimoto akuchokera. Makaniko wina wakwathu atalitsegula, tinapeza mawaya awiri akungolendewera kuseri, galasilo lopanda kachipepala kakuda kaja komata kumbuyo kamene kamatulutsa kutentha. Nditabwerera ndi lisiti anandiuza kuti nthawi yobweza katundu inadutsa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa amene analiika anawaona mawayawo ndi maso ake, n'kuwakankhira m'kati.

Ndiye mukamagula galimoto yakale kapena galasi latsopano, lizani injini, yatsani chotenthetsera, dikirani mphindi zochepa, gwirani magalasi onse awiri ndi kuseri kwa zala. Ayenera kufunda. Ngati ndi Volkswagen yesani m'mawa, chifukwa chotenthetsera chake sichiyaka kunja kukatentha kupitirira madigiri 20. Galasi lisanaikidwe, litembenuzeni muone timapini tiwiri tolumikizira mawaya. Ngati palibe, musalipire.