Wosewera waluso mbali zonse: wide receiver kapena cornerback?

Mu mpira wa American football wa m'makoleji, makochi amavutika akapeza mnyamata wothamanga amene kusekondale ankasewera mbali zonse, yofuna kugoletsa ndi yotchinga. Nthawi zambiri amasankha pakati pa wide receiver, wowakha mpira, ndi cornerback, womutchinga.

Wide receiver amadziwiratu kumene athamangire, choncho chofunika ndi manja osagwetsa mpira ndi kusunga njira zimene agwirizana ndi quarterback, woponya mpirawo. Ndalama nazo zili kuno: mu 2025, mu ligi ya akatswiri ya NFL, wide receiver Ja'Marr Chase anasaina pangano la madola pafupifupi 40 miliyoni pachaka, pamene cornerback Sauce Gardner anapeza pafupifupi 30 miliyoni.

Ntchito ya cornerback ndi yovutirapo. Amayamba chobwerera m'mbuyo, n'kutembenuza chiuno osataya liwiro, maso ali pa mdani amene sakudziwa kolowera kwake. Akachedwa phazi limodzi, touchdown, chigoli cha masewerawa, yalowa. Afunikanso kulimba mtima kugwetsa munthu ndi kuiwala msanga akapitiriridwa. Anyamata aatali okhoza zonsezi ngosowa, n'chifukwa chake wotereyu ndi bwino kumuika kotchinga, makamaka ngati manja ake amatayataya mpira. Amene amaopa kugundana asapite kumeneko ngakhale athamange bwanji.

Kusewera mbali zonse n'kotheka koma n'kwa ochepa. Travis Hunter anachita zimenezi ku yunivesite ya Colorado pansi pa kochi Deion Sanders, napambana Heisman Trophy, mphoto ya wosewera wopambana onse m'makoleji, mu 2024. Vuto lake ndi kutopa komanso nthawi: owakha mpira ndi otchinga amaphunzira mavidiyo m'zipinda zosiyana, ndipo wogawa nthawi amaphonya zina.