Boma, yunivesite kapena pulojekiti: wofufuza za nkhalango alowe kuti?

Chaka chilichonse ana a ku Bunda ndi a ku Mzuni akangovula magauni, foni yanga sipuma. Funso limakhala lomwelo: "Achimwene, ndilowe m'boma, ndikakamire pa yunivesite, kapena ndisake ntchito m'mapulojekitimu?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere yekha. Za malipiro sinditayapo nthawi. Ngakhale mwana wa chaka choyamba akudziwa kuti pulojekiti imalipira kuposa boma, yunivesite ili pakati. Chimene sakuuzani pa intavyu ndi chakuti mtengo uli ndi nthawi yake, kontirakiti ili ndi yakenso, ndipo ziwirizi sizigwirizana.

Paini wa ku Chikangawa amadikira zaka zoposa 20 asanachekedwe matabwa. Nkhalango ya miombo ikagwetsedwa ndi ootcha makala zitsa zimaphukira msanga ndithu, koma kuti mitengo ya mombo ndi mchenga ibwerere mwakale pamapita zaka makumimakumi. Anzathu a zanyengo ndiye amafuna mvula ndi kutentha kwa zaka 30 asananene kuti nyengo ya dera lakuti ndi yotere. Pomwe mapulojekiti ambiri amene mukuwathamangira amatha pakati pa zaka zitatu ndi zisanu. Muyeso wanga ndi umenewo: ndi ntchito iti imene idzakulolani kubwerera pa mtengo umene munauyeza?

Ndiyambe ndi mapulojekiti, chifukwa ndi kumene ndili ndi mangawa. Koma tisiyanitse kaye. Pali mabungwe akuluakulu a kafukufuku amene anakhazikika, monga ICRAF ya ku Nairobi, yofufuza za mitengo ya m'minda, imene mu 2019 inaphatikizana ndi CIFOR, yofufuza za nkhalango, ya ku Bogor, ku Indonesia, komanso ICRISAT, IITA ndi CIMMYT, ofufuza za mbewu, amene mumawapeza ku Chitedze. Awa ndimawavulira chipewa. Mtedza wa CG7 umene amayi anu amalima unachokera m'manja mwa ICRISAT ndi ofufuza a boma. Munda woyesera gliricidia ndi chimanga ku Makoka, pafupi ndi Zomba, unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chifukwa chousunga zaka zambirimbiri tinadziwa zimene masamba a mtengowo amachita m'nthaka, osati zongoganizira. Mukapeza mpata kumeneko mudzaphunzira kuyala kafukufuku, kusamala deta ndi kulemba pepala loti dziko lonse liwerenge. Vuto ndi lakuti mipando yokhazikika ndi yochepa zedi, ndipo ambiri amene amavala malaya a mabungwewa ali pa ndalama ya pulojekiti imene ili ndi tsiku lothera.

Ndiye pali enawa, obwera ndi Land Cruiser zoyera, kuchita lendi nyumba ku Area 10 kapena ku Area 43, kukhazikitsa pulojekiti ku hotela ndi nduna, kenako n'kupakira. Ine ndinagwirako kwa amodzi a iwo. Dzina sinditchula, ndipo sali m'gulu la amene ndatamanda pamwambapa.

Ntchito inali yoyala mapoloti oyezera mitengo m'nkhalango ina ya m'chigawo chapakati, kuti tidziwe mmene ikukulira ndi kuchuluka kwa kaboni amene ikusunga. Amene munachitapo mukuidziwa. Mumayeza mamita 1.3 kuchokera pansi, kulemba mzere wa penti yofiira pa thunthu, kuzunguliza tepi, kukhomerera kachitsulo ka nambala, kenako kufuula dzina ndi muyeso kuti wolemba amve. Msuku, mlombwa, muwanga, mtengo uliwonse. Tinkalowa m'tchire mame asanakamuke, nkhupakupa zili m'masokosi, alonda a nkhalango ali patsogolo ndi zikwanje. Mayina a mitengo ina anatiphunzitsa ndi agogo ena a m'komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo, amene ankangonunkhiza khungwa n'kutchula. Pa msonkhano wa kwa mfumu tinalonjeza kuti pakatha zaka zisanu tidzabweranso kudzayeza mitengo yomweyo, ndipo tinawapempha kuti atisungire mapolotiwo. Anavomera ndi m'manja.

Pa kontirakiti yanga panalembedwa kuti ndine consultant. Ndalama ya pa tsiku inkaoneka yonona. Mbola yake nayi. Lamulo la penshoni m'dziko muno limati bwana aike 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, koma consultant si wantchito, ndiye penshoni palibe. Chipatala udzionere. Tchuthi palibe, tsiku limene sunagwire sulandira. Msonkho wa withholding tax amadula ndalama isanafike m'manja. Bajeti ya pulojekiti inali m'madola, malipiro anga m'makwacha, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola yawo inanenepa, ine ndinalandirabe zomwe zija.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi deta. Pulojekiti itatseka tinabweza malaputopu ndi ma GPS, ndipo zonse zimene tinayeza zinapita pa seva ya kutsidya kwa nyanja. Patapita nthawi pepala linatuluka m'magazini ya sayansi, mayina ali ndondondo pamwamba, langa lili kumunsi kwenikweni m'kandime kothokoza, limodzi ndi madalaivala. Nditafuna manambala omwewo kuti ndilembe zanga, ndinauzidwa kuti ndilembe kalata yopempha. Kupempha miyeso ya mitengo imene ndinaikumbatira ndekha! Mapoloti aja palibe anabwererako. Tizitsulo tina ana anazula, mitengo ina inapita ku Lilongwe m'matumba a makala panjinga. Muyeso umodzi wopanda wachiwiri sukuuzani kuti mtengo ukukula bwanji, choncho thukuta lonse lija phindu lake ndi theka. Ndipo ndikakumana ndi a m'komiti aja pa msika, amene amafunsidwa kuti "Nanga achimwene, zaka zisanu zija sizinakwane?" ndine, osati abwenzi akufuna kwabwino aja.

Kumudzi timadziwa kuti m'munda wa lendi munthu sabzalamo msangu. Umathira fetereza wa chaka chomwecho, kukolola, n'kuchoka. Kafukufuku wa m'mapulojekiti amayenda chomwecho: amasankha mafunso oyankhika lipoti lisanafike tsiku lake. N'chifukwa chake timamva za mbande zankhaninkhani zobzalidwa dzinja lililonse, koma ochepa amabwerera chilimwe chachitatu kukawerenga zimene zapulumuka ku mbuzi, chiswe ndi moto. Amene ankati ndimakokomeza anadzionera okha mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lakunja: anthu a luso lawo, ena a PhD, anapezeka ali pakhomo mwadzidzidzi ngongole ya galimoto isanathe.

Tsono boma. Pano ndikunena Dipatimenti ya Nkhalango ndi nthambi yake ya kafukufuku ya FRIM ku Zomba, masiteshoni a zaulimi monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi Lunyangwa, komanso Dipatimenti ya Zanyengo. Mavuto a m'boma simusowa wokuuzani. Ndalama yoyendetsera ntchito imabwera mochedwa ndiponso yoperewera, galimoto imakhala pa miyala, kukwezedwa kumadikira kuti wina apume kapena amwalire. Choopsa kwambiri kwa wasayansi wachinyamata ndi matenda a mawekishopu: mukazolowera kusaina alawansi ku Mponela ndi ku Salima, nsapato za m'tchire zimachita nkhungu pansi pa bedi. Komanso mukatumizidwa ku nkhalango kumene makala ndi ndalama, dziwani kuti alonda amavulazidwa ndithu.

Komabe boma lili ndi chimene pulojekiti singagule. Silichoka. Mukalowa muli ndi zaka 25 mukhoza kutsata poloti imodzi mpaka mudzapume pa zaka 60. Mbewu za mitengo, mabuku akale a miyeso, kaundula wa mvula wa masiteshoni, zonse zili m'manja mwa boma, ndipo aliyense wochokera kunja amayenera kugogoda pakhomo panu. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango pofika 2030, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Amene amakhala pa tebulo pokambirana zimenezi ndi maofesala a boma. Taonani mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Kalembera wa 2017 anapeza mitengo yaikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri monse. Ntchito youbwezeretsa inatheka chifukwa FRIM ndi bungwe losamalira phirilo la Mulanje Mountain Conservation Trust analipo kale, akudziwa za njere ndi nazale, ndalama yakunja n'kungowapeza. Mtengo umenewu udzakula ambiri a ife titapuma kale, ndipo wina ayenera kudzakhalapobe. Mwayi wa tchuthi chokaphunzira malipiro akuyenda uliponso, ngakhale mudzasainira kuti mudzabwerera kudzagwira zaka zingapo.

Yunivesite ndi kumene mtima wanga uli, sindibisa. LUANAR ya ku Bunda ija, Mzuni, MUST ku Thyolo ndi sukulu yake ya Ndata yoona zanyengo, ndi UNIMA ku Zomba kumene anthu akhala akutsata nyanja ya Chilwa imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Khomo lake ndi lopapatiza: popanda masitazi simupita patali, popanda PhD mawu anu salemera. Mukalowa mudzakumana ndi makalasi odzadza, mapepala a mayeso ofika m'chiuno, sitalaka ya chaka ndi chaka ndi kalendala yosinthasintha. Kafukufuku mumachita usiku ndi pa holide. Ndalama yake mumasaka nokha, kwa RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi, kwa anthu a ku Norway amene akhala akuthandiza ku Bunda pa za kusintha kwa nyengo, kapena kwina kulikonse. Palinso msampha wake: magazini ambiri otchuka amalipiritsa madola masauzande kuti pepala liwerengedwe mwaulere, ndipo ngakhale ena amakhululukira ofufuza a m'mayiko osauka, muyenera kufunsa musanatumize, osati bilu itafika.

Ubwino wake ndi uwu: chaka chilichonse mumalandira manja atsopano. Wophunzira wa chaka chachinayi akufuna pulojekiti yake, inu muli ndi mapoloti ofunika kuyezedwanso. Mum'patsa tepi, ndalama ya basi ndi ya ndiwo, ndipo muyeso wachiwiri, wachitatu, wachikhumi umapezeka popanda kudikira abwenzi akufuna kwabwino. Deta imakhala mu ofesi mwanu. Dzina lanu limakhala pamwamba, la mwanayo pambali pake. Funso mumasankha nokha, ngakhale losatchuka, monga chifukwa chimene misuku imabereka chaka china n'kupuma china, kapena mmene mapiri a ku Blantyre ndi ku Chiradzulu akuphukira pamene panagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mafunso otere amafuna munthu amene adzakhalapo chaka chamawa ndi chinacho.

Za makampani ochita malonda ndi kaboni wosungidwa m'mitengo amene achuluka masiku ano ndingonena pang'ono. Amalipira bwino, amafuna anthu odziwa GIS, yomwe ndi mapu a pakompyuta, ndi kuyeza mitengo, ndipo mapangano awo ndi a zaka zambiri. Koma amene akukulipiraniyo amapindula nambala ikakhala yaikulu, ndiye tsiku limene miyeso yanu idzatsike mudzadziwa ngati anakulembani ngati wasayansi kapena ngati wosainira.

Ndiye mng'ono wanga akandifunsa ndimati yunivesite poyamba, boma kachiwiri, pulojekiti ikhale ganyu. Ikakupezani muli kale ndi mpando wanu ku yunivesite kapena m'boma, itengeni ndi manja awiri: mudzapeza galimoto, zipangizo ndi anzanu a kunja, ikatha mubwerera pa desiki panu. Ndikudziwa kuti ena mundiyankha kuti m'boma sakulemba, ku yunivesite mipata kulibe, lendi ikudikira, ndipo mwanena zoona. Pitani ku pulojekitiko, koma musanasaine funsani zinthu zitatu pamaso pa bwanayo. Kodi ndine wantchito kapena consultant, ndipo kwacha ikagwa malipiro asintha? Kodi oyeza m'tchire amalowa pa mayina a pepala? Nanga pulojekiti ikatseka, deta ndi mapu a mapoloti zidzasiyidwa ku FRIM kapena ku yunivesite iti? Yankho lachitatuli lilembedwe m'kontirakiti momwemo, osati la pakamwa pa nkhomaliro. Akakana kulemba, kwezani mtengo wa pa tsiku ndi 15 peresenti ya penshoni ija, ndipo kwa mfumu musakalonjeze kuti mudzabweranso.