Miyezi 14 ndi ka lathe kanga: mapisitoni atatu ndi giya yothyoka

Ka lathe kanga, kamakina kosemera zitsulo pozizungulitsa, katha miyezi 14 tsopano. Ndi kaja kochokera ku China ka mtundu wa 7x14, kamene amakagulitsa m'maina osiyanasiyana koma mkati mwake n'kamodzimodzi. Ndinakagula ku Johannesburg, kanabwera pa basi m'bokosi lamatabwa. Chomwe ndimafuna chinali kupanga kainjini kakang'ono koyenda ndi nthunzi kapena mpweya, kaja kamene silinda yake imagwedezeka uku ndi uku, Angerezi amati wobbler. Kainjiniko pano kakuyenda. Koma amene akuganiza kuti akangomasula bokosi ayamba kusema mapisitoni tsiku lomwelo, akhale kaye pansi amve.

Manambala a 7x14 ndi mainchesi: chinthu chachikulu chomwe chingazungulire pamenepo ndi cha mainchesi 7 m'mimba mwake, kutalika mainchesi 14. Chuck yake, yomwe imagwira chinthu chomwe ukusema, ndi ya 80 mm, bowo la mu spindle, kamtengo kachitsulo kozungulitsa chuck, 20 mm. Pa kainjini kokwana m'manja, zimenezi n'zokwanira ndithu.

Mlungu woyamba sindinaseme kanthu. Ndinali kuchotsa girisi wouma ndi parafini, kenako kulimbana ndi ma gib, tizitsulo taphwatalala tomwe timathina mbali zotsetsereka. Ukatimasula pang'ono, mpeni umanjenjemera n'kusiya mizere pa chitsulo. Ukatithinitsa, chogwirira chimalimba mpaka dzanja kuwawa. Pamafunika kupotoza sikuluwu iliyonse pang'onopang'ono, kuigwira isasunthe, n'kumanga nati yake. Mpaka lero ndimabwereza zimenezi mwezi ndi mwezi.

Nkhani yeniyeni ili pa pisitoni. Silinda ndinaisema pa brass yomwe ndinatola kwa ogulitsa zitsulo zakale mumsika wa Ndirande. Ndinaboola ndi drill ya 9.8 mm, n'kumaliza ndi reamer ya 10 mm kuti mkati musalale. Apa ndinaphunzira kuti drill yatsopano yakuthwa imadzikoka yokha mu brass, imalowa mwankhanza ngati wina waikankha. Mankhwala ake ndi kupala pang'ono chabe kukamwa kwake ndi mwala wonolera kuti isamalume.

Pisitoni iyenera kuchepa pang'ono kwambiri poyerekeza ndi bowolo, mwina 0.02 mm. Tsitsi la munthu n'lonenepa kuposa pamenepo. Yoyamba ndinaiwononga ndekha: ndinaiwala kuti ukalowetsa mpeni 0.05 mm, chitsulo chimachepa 0.1 mm chifukwa ukuchotsa mbali zonse ziwiri. Inangogwera mu silinda phululu. Yachiwiri inalowa theka n'kukanirira. Nditayeza ndi micrometer, mbali imodzi inali yonenepa kuposa inzake. Ndinakhala masiku awiri ndikudzitukwana, kenako ndinazindikira kuti tailstock, mbali yochirikiza chitsulo kumapeto kwinako, sinalunjike ndi spindle. Ndinaika kamtengo kachitsulo pakati pa ma centre awiri, nsonga zogwira chitsulo uku ndi uku, kusema, kuyeza mbali zonse, kusuntha tailstock, kusemanso, mpaka manambala anafanana. Madzulo athunthu anathera pamenepo. Yachitatu ndiyo ili mu injini. Ukatseka bowo la mpweya ndi chala n'kuikoka, imabwerera yokha, ukaitulutsa imalira "phu". Phokoso limeneli ndinaliyesa kangapo konse pamaso pa mayi a kunyumba, iwo n'kungoti, "Abambo, ndalama zonse zija n'za kaphokoso kameneka?"

Mipeni ya nsonga yolimba kwambiri ya carbide yomwe ndinagulira limodzi ndi makinawa ili m'kabati. Imafuna makina olemera ndi amphamvu. Pa ka lathe kopepuka ngati aka, ukafuna kuchotsa pang'ono kwambiri imangotsetsereka pamwamba osadula. Timipiringidzo ta HSS, chitsulo cholimba chopangira mipeni, tonola wekha pa giraindala ndi timene timagwira ntchito, bola nsonga yake ikhale pakatikati penipeni pa chinthu chomwe ukusema. Ine ndimakweza mpeni ndi tizidutswa ta chitini cha zakumwa.

Pa brass ndi aluminiyamu sindidandaula. Pa chitsulo cholimba ndiye pali nkhani. M'mwezi wachisanu ndi chiwiri ndimadula chidutswa cha flywheel, gudumu lolemera la injini, mpeni wodulira unaluma n'kukanirira, ndinangomva "kha!", mota ikulira koma chuck itaima. Magiya a mkati mwa mutu wa makinawa ndi apulasitiki, ndipo imodzi inali itaguluka mano. Kuti uifikire uyenera kumasula mutu wonse n'kutulutsa spindle. Ndinadikira milungu isanu kuti yatsopano ifike. Anzanga ena amati ndiike magiya achitsulo. Ine ndinabwezeramo yapulasitiki dala, chifukwa tsiku lina ndikadzalakwitsanso, kuli bwino ithyoke iyoyo kusiyana ndi kuotcha mota. Masiku ano chitsulo chonenepa ndimachidula ndi sowo yamanja, makina atazima, kenako n'kusalaza kumaso kwake.

Dzinja linabwera ndi dzimbiri. Ndinapita kumudzi milungu iwiri m'mwezi wa Januwale, pobwera ndinapeza timadontho tofiirira pa njanji zake. Tsopano ndikamaliza ntchito ndimasesa zinyenyeswa ndi burashi, kupaka oyilo ndi kufunditsa nsalu. Ndimazulanso pulagi, poti liwiro la mota limayendetsedwa ndi kabodi ka zamagetsi, ndipo sindikhulupirira mmene magetsi amabwerera akazima.

Chodabwitsa n'chakuti chomwe chinachedwetsa injini kuyenda sichinali lathe konse. Nditalumikiza zonse, inkangofwenkha mpweya m'mbali. Pa wobbler palibe mavavu. Silinda ikamagwedezeka, kabowo kake kamakumana ndi kabowo kolowetsa mpweya, kenako kotulutsa, ndipo nkhope ziwirizo zimapanikizidwa ndi kasipuling'i. Zikapanda kusalala, mpweya umathawira pamenepo. Ndinayala sandipepa wosalala pa galasi la zenera, kudontheza madzi, n'kumakhula nkhope zonse ziwiri mozungulira mpaka zinawala paliponse. Nditapopa ndi pampu ya njinga kudzera m'chubu, flywheel inagwedezeka, inaima, ndinaikankha ndi chala, basi inayamba "tiki-tiki-tiki" patebulo. Ana a aneba anadzaza pakhomo.

Kukagulanso ndingakagule, koma ndingasunge ndalama ina pambali. Micrometer, ma reamer, ma tap odulira mazinga a sikuluwu, drill chuck ya ku tailstock ndi dial indicator yoyezera ngati chinthu chili pakati zandidyera ndalama yoyandikira mtengo wa makinawo, ndipo popanda zimenezi pisitoni yachitatu ija sikanatheka. Chuck ya mano atatu yomwe inabwera nawo siigwira chinthu pakati penipeni ukachimasula n'kuchibwezera, choncho ndaitanitsa ya mano anayi. Ikangofika ndiyamba silinda ya injini yachiwiri, ya slide valve, yokhala ndi vavu yotsetsereka, ndipo brass yake ili kale m'chitini pansi pa tebulo.