Buku la zithunzi za Muybridge patatha miyezi 8

Nditangoligula ndinanena kuti buku ili, la zithunzi zoonetsa mayendedwe a anthu ndi nyama, ndi lokongola, koma mwina lizingodya fumbi pa shelefu. Ndinanama. Pano chikuto chada ndi thukuta la m'manja, ndipo masamba a mahatchi athothoka kawiri, ndamata ndi selotepi.

Ine ndimapanga makatuni pa kompyuta, ndipo chinkandisautsa ndi miyendo. Hatchi yanga ikamathamanga inkaoneka ngati tebulo limene wina akulikankha. Bukuli limayamba ndi zithunzi za mu 1878, pamene wojambula zithunzi Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 pa famu ya Leland Stanford ku Palo Alto, California. Hatchi podutsa inkakoka ulusi, kamera iliyonse n'kutola chithunzi chake. Zinaoneka kuti hatchi ikamathamanga ziboda zonse zinayi zimachoka pansi nthawi imodzi, koma pa nthawi imene miyendo yapindikira kunsi kwa mimba, osati itatambasuka kutsogolo ndi kumbuyo monga ojambula akale ankachitira. Inenso ndinkajambula momwemo! Tsamba limenelo ndalitengera ndi pensulo kambirimbiri mpaka dzanja lazolowera.

Zambiri m'bukuli n'zimene Muybridge anajambula ku yunivesite ya Pennsylvania, zomwe zinatuluka mu 1887 pa mapepala 781. Langali ndi losankhamo chabe. Chandithandiza kwambiri ndi mizere ya mabokosimabokosi imene ili kumbuyo kwa munthu kapena nyama: umachita kuwerenga kuti bondo lakwera pati, mutu watsika pati.

Zodandaula zilipo. Zithunzi zina osindikiza anazichepetsa kwambiri, zala za kuphazi osazionanso. Komanso nditazilowetsa mu kompyuta kuti ziyende, pena zimadumpha, pakuti Muybridge akasowa chithunzi ankatha kusanja zotsalazo kuti mzere uoneke wathunthu. Ndiye musamakhulupirire mzere uliwonse.

Chinanso, anthu ambiri m'menemo ali mbulanda. Apongozi anga analitsegula pa balaza tsiku lina, n'kulitseka mwakachetechete, kenako n'kufunsa ngati tiyi wapsa. Tsopano limakhala kuchipinda.

Ndingaligulenso, koma la chikuto cholimba. Vuto latsala n'lakuti ndikaona galu akudutsa pamsewu ndimaima n'kumawerenga mapazi ake, ndipo sabata yatha wakabaza anatsala pang'ono kundigunda.