Ndemanga pa dirilo ya batire ya Makita DHP482

Munthu amene wasankha kumakonza yekha zinthu za m'nyumba mwake sachedwa kuona kuti ntchito zambiri zimayamba ndi bowo ndipo zimathera pa sikuluwu. Kupachika shelefu, kuika ndodo ya makatani, kusintha loko, kulimbitsa mahinjesi a chitseko chimene chayamba kukhula pansi, zonsezi zimafuna chida chimodzimodzi. Pa ntchito zoterezi ndimagwiritsa ntchito dirilo ya batire ya Makita DHP482, ndipo maganizo anga ndi akuti chidachi n'chokwanira pa zambiri za pakhomo, malinga ngati mwini wake akudziwa pamene mphamvu zake zimalekezera.

Makita ndi kampani ya ku Japan imene inayamba mu 1915 mumzinda wa Nagoya, ikukonza ndi kugulitsa mamota a magetsi, ndipo dirilo iyi ili m'gulu la zida za 18V zotchedwa LXT, zomwe zinayamba kugulitsidwa mu 2005. Imagwira ntchito zitatu: kumanga masikuluwu, kubowola wamba, ndi kubowola ikumenya ngati nyundo. Ili ndi magiya awiri, yoyamba yozungulira mpaka maulendo 600 pa mphindi ndipo yachiwiri mpaka 1,900. Pakamwa pake, pogwirira biti (kachitsulo kobowolera kapena komangira sikuluwu), pamamangidwa ndi dzanja popanda kiyi ndipo pamalandira biti yonenepa mpaka mamilimita 13. Opanga ake amanena kuti ingabowole thabwa mpaka mamilimita 38 mulifupi, ndipo chitsulo kapena njerwa mpaka mamilimita 13.

Ogula ambiri amayang'ana kaye mphamvu, koma chimene ndimachiyamikira kwambiri pa dirilo imeneyi ndi mphete ya manambala 1 mpaka 21 imene ili kumbuyo kwa pakamwa pake. Mpheteyi imauza dirilo pamene iyenera kusiya kukakamiza sikuluwu. Sikuluwu ikalimba kufika pamlingo umene mwasankha, mkati mwa dirilo mumayamba kuterereka, mumamveka kuti tororo, ndipo biti imaima ngakhale chala chikadali pa batani. Ubwino wake umaonekera bwino pomanga makabati opangidwa ndi matabwa a utuchi wopanikiza. Matabwa amenewa sakhululuka: sikuluwu ikangozungulira kamodzi mopitirira, imafukula utuchi wonse umene inagwira, bowo limakula, ndipo hinjesi imayamba kugwedera kuyambira tsiku lomwelo. Mukaika mphete pa nambala yotsika, monga 4 kapena 5, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka mutu wa sikuluwu utakhala bwino molingana ndi thabwa, masikuluwu onse otsala amalowa mofanana popanda kudalira kuchenjera kwa chala. Batani lake nalonso limamvera, chifukwa mukalikanikiza pang'ono biti imazungulira mwaulesi kotero kuti mungathe kuyambitsa sikuluwu yaing'ono popanda kuigwetsa, ndipo mukalisiya imaima nthawi yomweyo.

Pamenepa pali chinthu china chimene si vuto la dirilo koma ambiri amaiimbira nacho mlandu. Masikuluwu a mutu wa mtanda alipo a mitundu iwiri yofanana kwambiri pamaso, Phillips ndi Pozidriv. A Pozidriv ali ndi timizere tinayi tating'ono pakati pa mikono ya mtandawo, ndipo amafuna biti yolembedwa PZ, pamene a Phillips amafuna ya PH. Mukasinthanitsa, biti imadumphadumpha n'kudya mutu wa sikuluwu, ndipo palibe dirilo iliyonse imene ingakupulumutseni. Pa matabwa olimba ndi bwinonso kuyamba mwabowola kabowo kakang'ono kotsogolera sikuluwu, makamaka pafupi ndi m'mphepete pamene thabwa limang'ambika msanga.

Pa kubowola matabwa ndi zitsulo ndilibe zambiri zonena, chifukwa imachita zimene inalonjeza. Mabowo ang'onoang'ono amafuna giya yachiwiri, pamene aakulu ndiponso a m'chitsulo amafuna giya yoyamba ndi kadontho ka mafuta pansonga ya biti. Chofunika kukumbukira n'chakuti mukaika dirilo pa kubowola, mphete ya manambala ija imasiya kugwira ntchito. Ngati biti yaikulu yakanirira m'thabwa, mphamvu yonse yopotokola, imene imafika pa 62 Nm (muyeso wa mphamvu yopotokola), imabwerera ku mkono wanu. Popeza dirilo iyi ilibe chogwirira cha m'mbali chonga cha madirilo akuluakulu, dzanja lachiwiri liyenera kukhala pa batire kapena kumbuyo kwake, makamaka mukakhala pa makwerero.

Nkhani yaikulu ili pa makoma. Nyundo ya dirilo ya mtundu uwu si nyundo yeniyeni, koma ndi timbale tiwiri ta chitsulo ta manomano timene timakwerana ndi kutsetserekana pamene biti ikuzungulira. Kumenya kwake n'kofulumira, mpaka maulendo 28,500 pa mphindi, koma kulikonse n'kopepuka ndipo kumadalira mmene inuyo mukukankhira. Pa njerwa, pa mabuloko ndi pa pulasitala zimenezi n'zokwanira ndithu. Bowo la mamilimita 6 kapena 8 lolowetsamo pulagi ya pulasitiki yogwira sikuluwu m'khoma, ya mtundu umene Artur Fischer anatulukira ku Germany mu 1958, limatheka mosavuta. Njira imene imandipatsa bowo laukhondo ndi kuyamba nyundo ili yozimitsa mpaka biti itadutsa pulasitala, chifukwa kumenya kumagumula m'mphepete mwa bowo ndipo biti imasochera kuchoka pa chizindikiro. Ndikafika pa njerwa ndi pamene ndimayatsa nyundo. Kachidutswa ka tepi kokulungidwa pa biti kamasonyeza pamene kuya kwakwanira, ndipo kutulutsa biti kawirikawiri ikuzungulirabe kumachotsa fumbi limene likanachititsa kuti pulagi ikanike kulowa yonse. Pa matailosi nyundo isayatsidwe n'komwe mpaka biti itatulukira kuseri kwa tailosiyo.

Konkire ndiyo imaonetsa malire a chidachi, ndipo tsoka lake n'lakuti konkire imabisala pamalo amene munthu amafunapo kwambiri bowo, pamwamba pa zenera pamene pamakhala ndodo ya makatani. Biti imalowa bwinobwino m'pulasitala, kenako phokoso limasintha n'kukhala lakuthwa, fumbi limasanduka lotuwa, ndipo biti imangozungulira pamalo amodzi ikakumana ndi mwala wa m'konkiremo. Bowo limodzi kapena awiri angatheke mwa kupirira, mukumapumitsa biti kuti izizire, koma kukankha ndi thupi lonse kumangopsereza nsonga yake. Zimenezi zimachitika ndi dirilo iliyonse ya timbale ta manomano, posatengera dzina la opanga. Ntchito ya konkire ndi ya dirilo ya SDS-plus, njira imene Bosch inatulutsa mu 1975, mmene pisitoni imakankha mpweya n'kumenyetsa kachitsulo kumbuyo kwa biti mwamphamvu zedi. Amene akukonza nyumba ya makoma kapena denga la konkire achita bwino kubwereka dirilo yoteroyo pa tsiku la ntchitoyo m'malo mozunza iyi.

Dirilo siona zimene zili mkati mwa khoma. Mawaya a magetsi kawirikawiri amayenda molunjika kukwera, kutsika kapena chopingasa kuchokera pa soketi ndi pa swichi, ndipo mapaipi a madzi amadutsa pafupi ndi mipope, choncho mizere imeneyi ndi yoyenera kuipewa kapena kuiyeza kaye ndi kachipangizo kofufuzira mawaya. Magalasi oteteza maso ndi chophimba pamphuno n'zofunika chifukwa fumbi la njerwa ndi simenti limawononga mapapo, ndipo phokoso la nyundo m'chipinda chotseka si la masewera.

Pogula, chilembo cha kumapeto kwa dzina chiyenera kuwerengedwa bwino. DHP482Z ndi dirilo yokha, yopanda batire ndi chaja, ndipo imayenerera munthu amene ali kale ndi zida zina za LXT. Apa ndi pamene wogula ayenera kuganiza mofatsa, chifukwa batire limene wasankha lero ndi limene lidzamusankhire sowo, makina osalazira matabwa ndi zida zina mtsogolo, popeza kawirikawiri mabatire a makampani osiyana salowana. Ngakhale mkati mwa Makita momwemo, mabatire a gulu la G-series salowa pa zida za LXT. Mphamvu ya 18V imachokera ku timaselo tisanu ta 3.6V, timabatire ting'onoting'ono ta mkati mwa batire, tolumikizidwa motsatizana, ndipo zida za makampani ena zolembedwa 20V Max zili ndi timaselo tisanu tomweto, kungoti iwo amalemba mphamvu ya batire likangodzaza kumene. Batire la 2.0Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga) lili ndi mzere umodzi wa timaseloti ndipo ndi lopepuka, pamene la 3.0Ah ndi la 5.0Ah ali ndi mizere iwiri. Pa ntchito ya pamwamba pa mutu, monga kumanga siling'i kapena nyale, lopepukalo ndi limene phewa limayamikira. Chaja ya DC18RC imadzaza la 3.0Ah pa mphindi pafupifupi 22 ndipo la 5.0Ah pa mphindi 45, ikumaliziziritsa ndi kafani kake, kotero kuti kwa munthu wa pakhomo mabatire awiri ang'onoang'ono amathandiza kuposa limodzi lalikulu. Mabatire otsanzira opanda dzina lodziwika sindiwalimbikitsa, chifukwa batire la lithiamu lopanda chitetezo chabwino lingatenthe mpaka kuyaka moto.

Mota ya DHP482 ndi ya mabulashi a kaboni, tizidutswa topatsira magetsi ku gawo lozungulira la mota, ndipo n'chifukwa chake mumaona timoto tating'ono ta buluu m'mipata yake ikamazungulira, zomwe si chizindikiro cha kuwonongeka. Mabulashiwo amatha m'kupita kwa nthawi, ndipo mota yoteroyo imadya batire msanga poyerekeza ndi ya madirilo opanda mabulashi monga DHP484 ndi DHP485, amenenso ndi aafupi ndipo amalowa bwino m'makona a kabati. Kwa kalipentala wogwira chidachi tsiku lonse kusiyana kumeneku n'kwakukulu, koma kwa munthu wochitulutsa kumapeto kwa sabata sindikuona kuti n'kofunika kukudandaula. Ndalama imene ingatsale ndi bwino kuiika pa mabiti abwino a njerwa a mamilimita 6 ndi 8, mabiti obowolera chitsulo olembedwa HSS, ndiponso ma PZ2 angapo osungira, popeza amenewa ndi amene amatha kapena kusowa poyamba ntchito ili mkati.